Kabwana Kanatsala kwa Achemwali

Phewa linayamba kundiwawa Kabwana kadakali koyamwa. Kabwana ndi mwana wanga wamkazi. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa kakangoti ng'aa kamodzi, nyumba yonse inkaimirira. Nthawi imeneyo ndinkaluka tsitsi mu saluni ina ya m'mbali mwa msewu, pakati pa telala ndi shopu ya mafoni. Palibe woluka tsitsi amene phewa silimuwawa. Umaima tsiku lonse mikono ili m'mwamba, kasitomala akusinza pampando, ndipo ukafika kunyumba mwana akufuna m'manja. Choncho sindinadabwe. Ndinkapaka mankhwala, kumeza mapilisi, mawa lake n'kukalukanso.

Anayamba kuona ndi Madamu, eni saluniyo. Tsiku lina ndikuluka mutu wa mkwatibwi wina, anandiyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Iwe, bulauzi imeneyi bwanji ikukuthina mbali imodzi? Phewa lakumanjali lakula."

"Ndikunyamula zitsulo, Madamu. Kabwana kanenepa."

Tinaseka tonse, ndi mkwatibwi yemwe. Koma ine ndinkadziwa kuti ululuwo unali utasintha. Kale ndikapuma unkatha. Tsopano unkaboola m'kati ngakhale nditangokhala phee. Patapita masabata angapo, chipeso chinandipulumuka m'manja kasitomala akuona, ndipo Madamu anandilanda mutuwo n'kundiuza kuti ndisabwerenso ndisanapite ku chipatala.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anandijambula ekisire. Bambo wojambulayo anali wanthabwala, koma chithunzi chitatuluka anasiya nthabwala n'kukaitana mnzake. Anatitumiza ku chipatala chachikulu, kwa adokotala a mafupa.

Adokotala a mafupawo anali mayi wamfupi, wa imvi, wolankhula mosazungulira. Anatembenuza kompyuta kuti ine ndi bambo a Kabwana tione.

"Fupa labwino ndi ili, lakumanzere. Mwaona kusalala kwake? Tsopano onani lakumanja, kumtunda kuno. Likuoneka ngati thabwa lofumbwa, ndipo chotupacho chatulukira kunja kwa fupa."

Bambo a Kabwana ndi dalaivala wa malole oyenda maulendo aatali, munthu wozolowera kuti chikawonongeka umachotsa n'kuikapo china.

"Adokotala, ndiye dulanipo lero lomwe. Tikudikiranji?"

"Ayi, bambo. Chotupa cha m'fupa sitidula tisanachidziwe. Ukachiboola mwachisawawa umachimwaza, ndipo mkono umene ukanapulumuka umautaya. Tiyambe taona pamene chalekezera, tione ngati m'mapapo muli bwino, kenako titape kanyama kakang'ono tikayeze. Dzina lake ndikuuzani ndikalidziwa."

Anandigoneka m'chimakina chokhala ngati mpope, chogogoda ngati akukhoma malata. Anandijambula chifuwa. Anandibaya phewa ndi singano yaikulu n'kutapa tinyama tonga ulusi. Kenako tinadikira. Masiku amenewo ndinkayamwitsa Kabwana nditagona chammbali, chifukwa mkono sunkathanso kukagwira, ndipo iko kankasewera ndi pulasitala ya paphewa ngati ndakagulira chidole.

Tsiku la zotsatira adokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Ndi khansa ya m'fupa. Nkhani yabwino ndi yakuti m'mapapo mwayera. Tiyamba ndi mankhwala amphamvu a m'diripi kwa miyezi ingapo, kuti chotupacho chifooke. Kenako opaleshoni. Kenako mankhwala omwewo. Zonse pamodzi zikudyerani pafupifupi chaka."

Ndinagwedeza mutu. Mawu akuti khansa ndinali nditawayembekezera, moti sanandigwetse. Adokotala anayang'ana pachifuwa panga pamene bulauzi inali itanyowa pang'ono.

"Mukuyamwitsa?"

"Inde."

"Muyenera kuleka tisanayambe. Mankhwalawa amatsikira mu mkaka. Komanso azikufoolani magazi, moti chimfine cha mwana chingakugonekeni m'chipatala. Alipo amene angakusungireni?"

Apa ndi pamene ndinalira. Bambo a Kabwana anandigwira phewa lolakwika, ndinakuwa, iwo n'kudzidzimuka.

Wondisungira analipo mmodzi yekha, achemwali anga aakulu. Amayi athu anatisiya kale. Achemwali amagwira ntchito mu ofesi ya pasukulu, m'tauni ina, ulendo wa theka la tsiku pa basi. Anakhala m'banja zaka zambiri ndi alamu, munthu wofatsa wokonza zamagetsi, koma mwana sanaoneke. Nkhaniyo pakati pathu sitinkaikamba. Nditawaimbira, sanandilole kumaliza.

"Ndikubwera Loweruka. Usachape kanthu, ndidzachapa ndekha."

Loweruka limenelo ndinakayamwitsa Kabwana komaliza nditakhala pamphepete pa bedi, achemwali akupinda timadiresi m'chikwama. Ndinkawauza zonse. Kakamakoka khutu ndiye kuti kali ndi tulo. Sikafuna madzi ozizira. Kakatsamwa musachite mantha, kamachita dala. Achemwali ankangoti, "Ndamva, ndamva." Kabwana kanagonera pabere, mkaka uli pakona ya mlomo. Anakanyamula kali mtulo choncho. Ndinawapempha kuti atuluke msanga kasanadzuke, koma atatuluka ndinathamangira pawindo n'kumadzitukwana kuti bwanji sindinakadzutse.

Masabata oyamba m'wodi, chimene chinandizunza kwambiri si kusanza. Unali mkaka. Mabere anatupa n'kulimba ngati miyala. Anesi anandimanga chifuwa ndi bandeji yaikulu, akuti uphwa wokha. Koma wodi yathu inayang'anizana ndi khonde lopita ku sikelo ya ana, ndipo mwana aliyense akalira kumeneko, bandeji inkanyowa. Thupi silinkadziwa kuti mwanayo si wanga.

Pabedi loyandikana ndi langa panali Aphunzitsi, mayi wopuma pantchito amene anali ndi chotupa cha m'mnofu wa pantchafu. Kwawo anachicheka poganiza kuti ndi chithupsa, ndipo chinamera mwaukali kuposa poyamba. Ngakhale choncho, pakamwa pawo sipankauma. Tsitsi langa litayamba kutsalira papilo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwana wanga, ndaonapo telala wovala nsanza, koma woluka tsitsi wa mpala ndayamba kuona iwe. Makasitomala uziwalandira utavala chipewa."

Ndinaseka mpaka diripi inagwedezeka. Ndiwo amene ndinkaonera nawo mavidiyo amene achemwali ankatumiza. Dzino loyamba tinaonera limodzi. Kukwawa tinaonera limodzi. Aphunzitsi ankapereka malikisi. Kukwawa anapereka asanu ndi atatu pa khumi, akuti mwendo umodzi ukutsalira ngati wawo.

Pakati pa mankhwala ankanditulutsa kuti ndikapume kunyumba. Bambo a Kabwana nthawi zambiri ankakhala ali paulendo, chifukwa ntchito sikanaima. Nyumba inkakhala yaudongo kwambiri. Chilichonse chinkakhala pamene ndachisiya. Ndinkatsegula kabati ya Kabwana, mmene munatsala tizovala timene kanali katakula kale, n'kumanunkhiza. Poyamba fungo lake linalimo. Kenako munangotsala fungo la sopo.

Vidiyo ya kuyenda inandipeza ndili m'wodi. Kabwana kanagwira mpando, katavala diresi lachikasu limene sindinaligule ine, miyendo ikunjenjemera. Alamu ndiwo ankajambula. Achemwali anagwada chapatali, manja atatambasula.

"Bwera! Bwera kwa amama! Bwera!"

Kabwana kanasiya mpando, kanapeperuka, n'kukagwera pachifuwa pawo. Onse anakuwa ndi chimwemwe.

Ndinaionera kambirimbiri. Aphunzitsi sanapereke malikisi tsiku limenelo. M'malo mwake anati, "Nanga akanati chiyani? Bwera kwa amayi aakulu? Mwana akanagwa asanamalize kutchula."

"Ndikudziwa."

"Kudziwa n'kwina, kuwawa n'kwina. Lira, ndikutchingira."

Anakoka katani ndi ndodo yawo.

Mankhwala anagwira ntchito. Phewa linaphwa, ululu unachepa, ndipo atandilowetsanso m'chimakina chogogoda chija, adokotala anati chotupacho chabwerera m'mbuyo, chasiya mitsempha yopita kudzanja. Anatenga pepala n'kujambula mkono.

"Mkono sitidula. Tichotsa gawo lakumtunda la fupa, kuchokera paphewa kufika apa, pamodzi ndi mnofu wozungulira, kuti chotupacho chituluke chili chokutidwa, tisachione n'komwe. M'malo mwake tiikamo chitsulo. Dzanja lizigwira ntchito, chigongono chizipinda. Koma mnofu umene umakweza mkono upita nawo. Mkono umenewu sudzakweranso kufika paphewa."

"Mwana ndidzatha kumunyamula?"

Sanathawitse maso. "Mudzamukhazika pamiyendo. Mudzamunyamula ndi wakumanzere, pachiuno. Kumutola pansi ndi manja awiri n'kumukweza, ayi."

Nditatsitsimuka ku opaleshoni, chinthu choyamba chinali kugwedeza zala. Zinagwedezeka. Bambo a Kabwana anali pambali, maso ali psuu, akuti ndi fumbi la pamsewu. Patapita masiku, adokotala anabwera ndi zotsatira za fupa limene anachotsa. M'mphepete monse munali moyera, ndipo gawo lalikulu la chotupacho linali litafa kale ndi mankhwala. Anamwetulira, koyamba chiwadziwireni. Aphunzitsi anali atawasamutsira kwina kuti akawotche chotupa chawo ndi makina, moti ndinawauza pafoni. Anandipatsa khumi pa khumi.

Bala litapola, ndisanayambenso madiripi, ndinachonderera kuti ndione mwana. Adokotala analola, bola panja, nditavala chophimba pakamwa. Achemwali anabwera naye Lamlungu. Ndinawadikira pabenchi ya pansi pa mtengo, pafupi ndi geti, nditavala mpango wabwino kwambiri umene Madamu ananditumizira. Ndinawaona akutsika basi. Kabwana kanali katatalika, katsitsi katamangidwa timfundo topotoka. Ndinaimirira.

Kanandiyang'ana. Kanaona munthu wowonda, wopanda nsidze, nkhope yophimbidwa, mkono uli m'nsalu. Kanakuwa n'kubisa nkhope pakhosi pa achemwali, zala zitamatirira kolala.

"Ndi amayi ako, iwe. Taona, ndi amayi."

"Amama, tiye! Tiye!" kanalira, kakukoka achemwali.

Tinakhala pabenchipo mpaka dzuwa linapendeka. Sikanandiyandikire. Nthochi imene ndinasenda kanalandira itadzera m'manja mwa achemwali. Ine ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa khosi lake, pamene pali kachidontho kakuda kamene ndinkakapsompsona kali kakhanda. Achemwali ankapepesa ngati alakwa ndi iwo.

"Katopa ndi ulendo. Kunyumba chithunzi chako kamachidziwa."

"Chithunzicho chili ndi tsitsi, achemwali."

Miyezi yotsalayo inali yaitali kuposa yoyamba ija. Mankhwala ankandigwetsa, m'kamwa munkatuluka zilonda, ndipo pakati pake ndinkapita ku mafizo kukalimbitsa mkono. Bambo wa mafizo ankandikhazika patebulo kuti ndizikankha thaulo ndi dzanja, kupita kutsogolo, kubwerera. Ndinaphunzira kudya, kulemba, kumanga mabatani. Kuyanika zovala pachingwe kunandikanika, moti bambo a Kabwana anatsitsa chingwe kufika m'chiuno, anansi n'kumafunsa ngati tasamutsira ana m'nyumbamo.

Diripi yomaliza itatha ndipo magazi atabwerera, ndinakwera basi kupita kwa achemwali. Ndinkaganiza kuti ndikagona masiku awiri. Ndinakhala mwezi ndi kanthu.

Kabwana kanali katasiya kundiopa, popeza nsidze zinali zitamera, koma kankanditcha anti. Kakagwa kankandidutsa ine n'kuthamangira kwa achemwali. Kakadzuka kankaitana iwo. Ankadziwa kulira kwake konse, kwa njala, kwa tulo, kwa matama, ndipo tsopano ndiwo ankandiuza ine. Sikadya dzira lokazinga. Nsapato kamavala kokha, ukakathandiza kamavula n'kuyambiranso. Ine ndinkangoti, "Ndamva." Nthawi zina kankabwera kwa ine manja ali m'mwamba kuti ndikanyamule, ine n'kugwada kuti ndikakumbatire, iko n'kuona kuti anti uyu ndi waulesi, n'kupita kwa alamu.

Achemwali akapita ku ntchito tinkatsala awiri. M'mawa wina ndinakhala pansi pakhonde, nditatsamira khoma, ndikuyang'ana timfundo ta m'mutu mwake. Achemwali ndi munthu wabwino, koma kuluka Mulungu anawamana. Ndinaika pilo pabondo, ndinatsamiritsa chigongono, n'kukaitana kuti kadzakhale pakati pa miyendo yanga. Mutu wake unali m'munsi, moti mkono sunafunike kukwera. Zala zinakumbukira zokha. Ndinaluka pang'onopang'ono, osakoka, ndikuimba kanyimbo kopanda mutu. Kanalimbalimba poyamba, kenako kanatsamira pantchafu panga, kenako kanagona. Ndinamaliza mzere womaliza koma sindinasunthe. Mwendo unachita dzanzi, dzuwa linafika pakhonde, ine ndili pomwepo. Kulemera kwa mutu umenewo ndi kumene ndinkakufuna chaka chonse.

Achemwali atabwera anaima pageti. Anayang'ana mutu wa mwana, anayang'ana ine.

"Kakongola," anatero, n'kulowa m'nyumba. Anachedwa kutuluka.

Kuyambira pamenepo anayamba kudzichotsa pang'onopang'ono. Kabwana kakalira ankati, "Pita kwa amayi ako, ine manja ali ndi sopo," ngakhale manja ali ouma. Ankachedwa dala ku ntchito. Ine ndinkaona, ndipo sindinkadziwa kuti ndiwathokoze kapena ndiwapepese. Tsiku lina tikutsuka mbale ndinayamba.

"Achemwali, mwina kakhalebe kuno mpaka..."

"Usayambe. Ndinabwereka, ndikubweza. Ukachedwa sindidzatha."

Tsiku lonyamuka, alamu anati ali ndi ntchito yamwadzidzidzi, anachoka m'mamawa osatsanzika. Achemwali analongedza zikwama ziwiri, pamene kanabwera ndi chimodzi. Kudepoti anakakhazika okha pampando wa pawindo, anakapatsa bisiketi, anati akukagula madzi. Sanabwerere. Basi itayamba kuyenda ndinawaona ataima kuseri kwa kanyumba ka matikiti, atagwira pakamwa. Kabwana sikanawaone. Kanazindikira titatuluka m'tauni, ndipo kanalira mpaka mawu anasasa. Mayi wina wa mpando wakumbuyo anandifunsa ngati mwanayo ndi wangadi. Ndinati inde, koma sindinamukwiyire.

Kunyumba kanazolowera, monga ana amachitira. Kanayamba kunditcha amayi. Amama anakhalabe achemwali, ndipo sindinakakonze. Madamu anandilandiranso, anandigulira mpando wautali ndi kampando kafupi ka makasitomala, moti tsopano ndimaluka nditakhala pamwamba ngati woweruza milandu. Ndimachedwa kuposa kale, koma ana aang'ono amafuna ine. Madzulo aliwonse achemwali ankaimba foni. Ankayamba ndi kufunsa za phewa langa, mwaulemu, kenako ankati, "Kali pafupi?"

Adokotala anandiuza kuti kwa zaka zingapo ndizibwera pakapita miyezi itatu, adzandijambule phewa ndi chifuwa, chifukwa matendawa akafuna kubwerera amakonda kuyambira m'mapapo. Ulendo woyamba utayandikira, bambo a Kabwana anali kutali. Madamu anati ndikasiye mwana ku saluni, sizovuta. Ndinathokoza, koma ndinaimbira achemwali.

"Lachitatu ndili ku chipatala. Ndilibe womusiyira."

Anafika Lolemba.

Kabwana kanali pakhonde pamene anatulukira pageti. Kanaima kaye ngati kakuwerenga nkhope, kenako kanathamanga nsapato imodzi itavuka. Achemwali anaponya chikwama pansi, anakatola ndi manja awiri, anakakweza m'mwamba mpaka kanatseka dzuwa. Kanaseka kuseka kumene sindinakamvepo chibwerereni. Ndinali pakhomo ndi mbale m'manja. Ndinamva nsanje, sindikana, koma sinakhalitse.

Lachitatu ndinalawirira. Mzere unali waufupi, ndipo pofika masana adokotala anali ataona kale zithunzi. Chitsulo chili m'malo mwake, m'mapapo mwayera. Anandifunsa za mwana, ndinawaonetsa chithunzi, iwo anati mizere ya m'mutuyo ndi umboni wakuti opaleshoni inayenda bwino.

Ndinatuluka pageti mtima ukundikokera kunyumba. Basi yathu inali pomwepo, kondakitala akuitana. Ndinafika mpaka pachitseko. Kenako ndinakumbukira kuti achemwali abwerera mawa m'mawa, ndipo sadzakaonanso mpaka miyezi itatu itatha. Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinawalembera uthenga wakuti zonse zili bwino koma mzere wa mankhwala ndi wautali, asandidikire. Ndinalowa m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa siteji, ndinaitanitsa kapu imodzi, n'kukhala pafupi ndi windo. Basi ija inanyamuka, inabwera ina, inadzaza, inanyamuka. Mtsikana wogulitsa tiyi anandifunsa ngati pali amene ndikumudikira.

"Ayi," ndinatero. "Ndionjezere ina."